Kagawidwe ka Nthawi pa Wailesi: Mbiri ya Cinyanja m'Makomboni a Harare

Munthu akatsegula wailesi yace madzulo namva nkhani, pambuyo pace nyimbo, pambuyo pacenso moni wocokera kwa abale a kutali, amayesa kuti zinthuzo zingotsatana zokha monga madzi a mumtsinje. Sizitero ai. Mphindi iri yonse ya pa wailesi inayamba yalembedwa papepala, ndipo pepalalo anthu anakangana nalo asanalibvomereze. Tsiku liri ndi maora 24, koma maora amene munthu wa nchito ali pakhomo, wasamba, wadya, ndipo tulo tisanamgwire, sakwana asanu. Maora ocepawo ndiwo dimba la wailesi, ndipo ali yense afuna ndime yace pomwepo. Cifukwa cace munthu wofuna kudziwa anthu amene nyumba ya wailesi iwayesa akuru, ndi amene iwayesa ang'ono, asabvutike ndi kufunsa akuru a Boma. Angotenga pepala la mapologramu, naona amene anapatsidwa 7 koloko madzulo.

Mbiri ya anthu olankhula Cinyanja m'makomboni a Harare ionetsa bwino cinthu cimeneci, pakuti iwo anayamba ndi ndime yaikuru, nataya mbali yace yocuruka, osati cifukwa ca kucepa kwao kokha, koma cifukwa malire a maiko anasintha pamene iwo anali cikhalire m'nyumba zomwezo.

Kuyambira zaka zoyamba za mzinda wa Salisbury, umene lero uli Harare, anthu a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete anali kufikako kukafuna nchito. Oyambawo anayenda pansi masabata ambiri, kuoloka Zambezi pa Tete ndi kukalowera ku Mtoko. M'zaka za m'ma 1930 Boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anthu osalipitsa, amene apaulendo anawapatsa dzina lakuti Ulere. Ndipo nkhondo yaciwiri itatha panabweranso kabungwe kolemba anchito kamene onse akakumbuka ndi dzina lakuti Mthandizi. Anthuwo anagwira nchito za ukhukhi ndi za m'maluwa m'nyumba za Azungu, za pa njanji, za m'mafakitale ndi za kusesa mzinda. Kwa zaka zambiri anchito ocokera kunja kwa dzikolo anaposa eni dziko pa ciwerengero mu Salisbury. Anagona mu lokeshoni ya Harari, imene inatsegulidwa m'caka ca 1907 ndipo tsopano iri Mbare. Pambuyo pace ena anapeza nyumba ku Highfield, ku Rugare kwa anthu a njanji, ku Mabvuku, Mufakose, Tafara ndi Dzivarasekwa. Ashona anawanena kuti mabhurandaya, ndiko kunena a ku Blantyre, ngakhale munthuyo anacokera ku Kasungu osaponda Blantyre ciyambire. Kwao nako, amene anakhalitsa osabwerera ananenedwa machona.

Tsono wailesi inayamba m'dzikomo osawaganizira konse anthu amenewa. Mau oyamba anaulutsidwa m'caka ca 1933 pa makina a pa bwalo la ndege la Belvedere, ndipo anali a Cingerezi, opita kwa Azungu. Wailesi ya anthu akuda inabadwira kwina, ku Lusaka, m'caka ca 1941. Cimene cinaibala ndi nkhondo. Asilikari a ku Northern Rhodesia ndi a ku Nyasaland anali kutali, ndipo Boma linaopa mphekesera zimene zinali kuyenda m'midzi ndi m'migodi. Linaika mawailesi pa maboma, m'maholo ndi ku mabwalo a mafumu ena, kuti anthu asonkhane ndi kumva za nkhondo. Cinyanja cinalowa pa wailesi imeneyo kuyambira pa ciyambi, popeza ndico cinali cinenero ca asilikari ndi apolisi, cimene Mbemba ndi Mngoni anamvana naco pa perete.

Nkhondo itatha, mkuru wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Bwana Harry Franklin, anakopa maboma atatu kuti agawane nchito motere: Salisbury iulutsire Azungu a maiko onse atatu, Lusaka iulutsire anthu akuda a maiko onse atatu. Nyumba ya ku Lusaka inapatsidwa dzina lakuti Central African Broadcasting Station. Kumeneku ndiko kugawa koyamba, ndipo kunali kugawa kwa khungu, kosati kwa dziko. Cotulukapo cace cinali codabwitsa. Munthu wa ku Dedza wogona m'hositele ya ku Harari sanamve cinenero cace kucokera ku nyumba ya wailesi ya mu mzinda womwewo, imene akadafikako pansi, koma kucokera ku Lusaka, mtunda wa mamailosi pafupifupi 250. Ngakhale makonzedwewo anali a tsankho, mwa iwo Cinyanja cinakhala cimodzi ca zinenero zazikuru za wailesi, cofanana ulemu ndi Cibemba ndi Cishona, ndiponso coposa zinzace pa cinthu cimodzi: cinali ndi eni ace m'maiko onse atatu.

Koma kuulutsa mau nkwacabe ngati palibe cowalandirira. Mawailesi a masiku amenewo anali a mtengo wapatali, ndipo ambiri anafuna magetsi. Franklin anayendayenda ku makampani a ku England kufikira a Ever Ready anabvomera kupanga kawailesi kochipa ka batire. Kanafika m'caka ca 1949. Thupi lace linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda cogwirira, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, ndi kansaru ka waya kotseka mabowo kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe. Cifukwa cace kanamveka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wace unali £5, ndipo batire lace, limene linakhala pansi pace ngati mpando, linali masheleni 25. Batirelo linali kutha patapita maora ngati 300. Tsono masheleni 25 ndiwo makobiri 300. Ndiko kuti ora liri lonse la kumvera linali kudya kobiri limodzi. Ciwerengero cimeneci ncofunika kucikumbukira, cifukwa ndico cinalamula okonza mapologramu koposa malamulo a Boma. Munthu wolandira mapaundi awiri kapena atatu pa mwezi sakanalola kobiri lace kupsa pa cinenero cimene sacimva, kapena pa mkuru wina wolankhula zogonetsa. Anali kungotseka.

Bvuto la Bwana Michael Kittermaster, amene anayang'anira nyumbayo, ndi anzace linali lotere. Makina oulutsira anali ocepa, maora anali ocepa, koma zinenero zinali Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi, ndipo pambuyo pace zinaonjezedwa Cilunda ndi Ciluvale. Pali njira ziwiri zogawira nthawi pakati pa zinenero zambiri, ndipo iri yonse iri ndi cirema cace. Mukapatsa cinenero ciri conse tsiku lace lathunthu, eni ace akondwa tsiku limenelo, koma masiku ena onse wailesi ya £5 ingokhala pa thebulo yofundikidwa nsaru. Mukadula madzulo ali onse m'zidutswa, theka la ora kwa awa, theka kwa awo, ndiye kuti munthu asanakhazikike bwino pa mpando nthawi yace yatha. Ndiponso ora la 7 koloko liri limodzi lokha, ndipo wolandira 4 koloko, pamene anthu akali ku nchito, adziwa kuti wapatsidwa mafupa.

Cimene cinapulumutsa nyumba ya ku Lusaka ndi nyimbo, pakuti gitala alibe mtundu. Anchito a wailesi anayenda ndi galimoto la makina ojambulira mau m'midzi ndi m'makomboni, nasonkhanitsa nyimbo zambirimbiri za ng'oma, za kalimba, za bangwe ndi za magitala a m'tauni. Pakati pao panali Alick Nkhata, wobadwa m'caka ca 1922, amene atate wace anacokera ku Nyasaland ndi amai wace anali Mbemba. Iye anapita ku nkhondo ku Burma, nagwirako nchito ndi Hugh Tracey wojambula nyimbo, asanalowe pa wailesi. Anayimba m'Cibemba ndi m'Cinyanja momwe, ndipo gulu lace ndilo linakula nkukhala Lusaka Radio Band. Nyimbo zotere zinaikidwa pakati pa zinenero monga matope pakati pa njerwa, kuti Mlozi asatseke wailesi pamene nthawi ya Cindebele iri pafupi.

Koma pologramu imene inagwira mitima ya anthu koposa zonse inali ya makalata, ndipo dzina lace linali la Cinyanja: Zimene Mwatifunsa. Macitidwe ace anali apafupi. Womvera analemba kalata kupempha nyimbo yakuti, nachula anthu amene afuna kuwapatsa moni. Woulutsa anawerenga maina, naika mbale ya nyimboyo pa galamafoni. Palibenso cina. Azungu ena a m'maofesi anaiyesa pologramu yotaya nthawi, popeza siinaphunzitse kanthu. Iwo sanazindikire cimene dzina lochulidwa pa wailesi linali kwa munthu wa paulendo. Kalata ya pa positi inali kuyenda masabata, inafuna wina wodziwa kuwerenga, ndipo kawirikawiri inasokera cifukwa mwini wace anasintha bwana. Koma dzina lochulidwa ku Lusaka linamveka nthawi imodzi ku Harari, ku Kitwe, ku Wankie ndi ku Ncheu. Ngakhale mai wa munthuyo analibe wailesi, mphunzitsi kapena mwini sitolo anamva, ndipo m'mawa mwace mudzi wonse unadziwa kuti uje ali moyo, ali ku Salisbury, ndipo akumbuka kwao. Akuru anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndipo kwa mchona wocita manyazi kubwerera cimanjamanja, moni wa pa wailesi unali ulendo wa kwao wa mtengo wa sitampa imodzi. Kunalinso ulemu m'menemo. Munthu amene tsiku lonse anaitanidwa ndi dzina lopatsidwa ndi dona wa nyumba, madzulo anamva dzina lace lenileni, ndi la mfunda wace, likuwerengedwa bwinobwino pa makina omwewo amene anachula maina a abwanamkubwa.

Maganizo a akuru a wailesi anali akuti nyimbo ndi moni zikhale nyambo, ndipo mbedza ikhale maphunziro: za ukhondo, za kusunga ndalama ku positi, za kupanga mizere m'munda, za kulera ana. Kunena zoona, nsomba zambiri zinaphunzira kudya nyambo ndi kusiya mbedza. Ndiponso phunziro lokonzedwera mlimi wa ku Petauke linali lopanda pace kwa munthu wa m'hositele amene analibe ngakhale pobzala mpiru. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa nyumbayo nalemba buku lace Wayaleshi lotuluka m'caka ca 1959, afotokoza m'mene anali kuyendera omvera ndi kuwafunsa zimene anatolapo pa zokamba za dzulo. Anapeza kuti nkhani yodzaza mitu yambiri iuluka yonse, koma kasewero, kapena mau amodzi okhala ngati mwambi obwerezedwa kawirikawiri, atsala m'mutu. Mphunzitsi ali yense wa sukulu ya kumudzi akadawauza zomwezo kwaulere. Kucokera pamenepo masewero ndi makambirano a anthu awiri kapena atatu anayamba kulanda malo a zokamba za munthu mmodzi.

Ngakhale dzuwa linali ndi mau pa kakonzedwe ka tsiku. Mau a ku Lusaka anayenda pa short wave, imene ikwera kumwamba ndi kugwa kutali. Ndipo njira imene imveka bwino usana siimveka bwino usiku, kotero kuti womvera anayenera kudziwa posunthira muvi wa wailesi yace dzuwa likapendeka. M'nyengo ya dzinja ziphaliwali zinali kuthetheka m'wailesi ngati cimanga cokazinga. Kuti anthu adziwe nthawi ya zinthu, m'caka ca 1952 nyumbayo inayamba kusindikiza magazini yace, African Listener, m'mene munali ndandanda ya mapologramu ndi zithunzi za oulutsa mau.

Cimene cinaononga cikhulupiriro ca omvera ndi gawo la nkhani. M'caka ca 1953 maiko atatu analumikizidwa m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akuda ambiri, makamaka a maiko awiri a kumpoto, akukana. Wailesi inauzidwa kufotokoza ubwino wa Citaganya, ndipo oiwerenga nkhaniyo anali anthu omwe aja okondedwa cifukwa ca moni ndi nyimbo. Ku Lusaka kunabuka mphekesera yakuti oulutsa mau agwirizana ndi anamapopa, amene kumeneko anawanena banyama, ndipo ngakhale Nkhata anakhala ndi mantha pa moyo wace. Mphekeserayo inali yabodza, koma muzu wace unali woona: anthu anaona kuti mau a m'kamwa mwa mbale wao salinso ace. M'caka ca 1958 nyumba zonse zinaikidwa pansi pa bungwe limodzi, Federal Broadcasting Corporation, likulu lace ku Salisbury. Caka cotsatira, 1959, maboma a Southern Rhodesia ndi Nyasaland analengeza za ngozi, anthu a Congress anamangidwa, pamodzi ndi a nthambi za m'makomboni a Salisbury, ndipo Dr. Banda anatsekeredwa ku Gwelo. Masiku amenewo womvera wa ku Highfield anaphunzira kumvera wailesi ndi makutu awiri: lina lokhulupirira moni ndi uthenga wa maliro, lina lopeta nkhani monga apeta mphale. Andreya Masiye, mmodzi wa oulutsa Cinyanja odziwika, potsiriza anacoka napita ku Dar es Salaam, kumene anaulutsira mau a cipani ca UNIP.

M'zaka zomwezo za Citaganya munacitika kugawa kwaciwiri, ndipo ndiko kunakhudza Anyanja a ku Salisbury koposa. Mapologramu a anthu akuda analeka kucokera ku Lusaka kokha; anagawidwa monga mwa zigawo, ndipo cigawo ca kumwera cinapatsidwa nyumba yaceyace youlutsira mau mu Harari momwemo, pafupi ndi mseu wa ku Beatrice. Poyang'ana msanga cinali cinthu cokoma. Oyimba a m'maholo a Mai Musodzi ndi Stodart sanafunenso kudikira galimoto la ku Lusaka. Anangoyenda pansi ndi magitala ao. Koma nyumba ya cigawo iganizira eni cigawo, ndiwo Ashona ndi Andebele. Cotero pamene makina anasendera pakhomo pa Mnyanja wa ku Harari, cinenero cace cinasendera kumbuyo. Citaganya citatha pa 31 December 1963, bungwe lija linasweka patatu: Zambia ndi wailesi yace, Malawi ndi Malawi Broadcasting Corporation kuyambira 1964, ndi Rhodesia Broadcasting Corporation. Pa African Service ya ku Rhodesia Cinyanja cinatsalabe, koma monga cinenero cacitatu, ca alendo, copatsidwa nthawi yotsala.

Amene anali ndi wailesi ya short wave anali nako kothawira. Usiku anatha kusaka Blantyre, kumene m'caka ca 1968 cinenero cinasinthidwa dzina nkukhala Cicewa ndipo Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi kufikira 1994; kapena Lusaka, kumene Julius Chongo anali kusimba nthano zace za Poceza m'Madzulo. Koma khomo limenelinso linayamba kutsekeka. Boma la Ian Smith litadzilengeza lokha ufulu mu November 1965, linaona kuti short wave ilowetsa mau a adani ace: a BBC anaika makina ku Francistown, ndipo pambuyo pace zipani za ZAPU ndi ZANU zinali kuulutsa kucokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Mankhwala ace anali FM. Mau a FM amveka oyera, opanda kuthetheka, koma sapita kutali. Ayenda ngati kuwala kwa nyali, ndipo phiri liwatseka. Boma linamanga makina a FM ndi kulimbikitsa mawailesi ochipa a FM yokha. Colinga cinali kutseka mau a ankhondo a m'chire, koma mpanda sufunsa cimene ucinga: banja la ku Mufakose logula wailesi yotere linatsekerezanso Blantyre. Nkhondo yomweyo ndiyo inatenga Alick Nkhata, amene anaphedwa mu October 1978 pamene asilikari a Rhodesia anaukira misasa ya ZAPU pafupi ndi munda wace ku Mkushi.

Pamene izi zinali kucitika, m'maiko ena kakonzedwe ka wailesi kanali kusandulika. Wailesi ya kale inali ngati munda wa kumudzi, m'mene cimanga, maungu, nyemba ndi therere zimera pamodzi: nyumba imodzi inapatsa ana nthawi yao, amai yao, alimi yao, a mpingo yao, ndipo womvera anayenera kudziwa ora lace. Wailesi yatsopano inali ngati esiteti ya fodya, mbeu imodzi kufikira kumalire. Ku America, m'zaka za m'ma 1950, Todd Storz wa ku Omaha anaonetsa kuti nyumba yobwereza nyimbo zocepa zokondedwa tsiku lonse ikoka anthu ambiri ndi amalonda ambiri. Kuno kwathu kum'mwera kwa Afirika anyamata anali kale kumvera LM Radio ya ku Lourenço Marques cifukwa ca nyimbo zace, kufikira inatsekedwa m'caka ca 1975. A BBC nao m'caka ca 1967 anagawa nchito yao m'nyumba zinai za manambala. M'makonzedwe otere munthu sasankhanso ora. Asankha nyumba, ndipo nyumbayo imdziwa msinkhu wace ndi thumba lace.

Zimbabwe italandira ufulu m'caka ca 1980, akatswiri a BBC anaitanidwa kudzapereka uphungu, ndipo Zimbabwe Broadcasting Corporation inatsata citsanzo ca manambala. Radio 1 inali ya Cingerezi. Radio 2, mwana wa African Service uja, ya Cishona ndi Cindebele, youlutsidwa ku Mbare. Radio 3 ya nyimbo za acinyamata. Ndipo m'caka ca 1982 inatsegulidwa Radio 4, ya maphunziro. Kumeneko, pakati pa maphunziro a sukulu ndi a ulimi, ndiko kunaikidwa zinenero za anthu ocepa, monga Cikalanga, Civenda, Citonga ndi Cicewa. Ici ndico cirema ca wailesi ya mbeu imodzi: pa wailesi ya kale Mshona anali kumva Cinyanja angakhale mosafuna, podikira nthawi yace, natolapo mau awiri atatu, pa yatsopano cinenero cacing'ono cikhala m'cipinda caceca, ndipo wosacifuna sakumana naco konse.

M'makomboni wailesi imene inali kulira pa mazenera onse inali Radio 2. Mzimu wa Zimene Mwatifunsa unali momwemo, utabvala dzina lina: Kwaziso m'Cishona, Ukubingelelana m'Cindebele. Mauthenga a maliro anali kuimitsa nkhani m'nyumba, ana anakula ndi mau a Mbuya Mlambo, ndipo mabanja anaseka ndi masewero a Mukadota, ndiye Safirio Madzikatire. Ana a machona anakulira m'zimenezi pamodzi ndi anzao a nyumba yoyandikana. Cicewa cinatsala ca agogo, ca ku chalici ca C.C.A.P., ca mabungwe a maliro ndi ca ku dambwe, pakuti gule wamkuru sanaleke kuturuka ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Mufakose.

Komabe cinenerocho cinabwerera pa maora abwino polowera khomo la kuseri, ndilo lomwe lija la nyimbo. Oyimba sungura ambiri anali ana a anthu a m'mafamu ndi m'migodi ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys, ndi Alick Macheso amene anaphunzira kwa iye, anaika ndime za Cicewa m'nyimbo zao, ndipo nyimbozo zinayimbidwa pa Radio 2 nthawi ya madzulo, m'mabasi ndi m'mabawa, popanda komiti yokhala pansi kugawira Cicewa mphindi. Anthu osadziwa kupereka moni m'Cicewa anayimba nao mau ace onse.

Caka ca 2001 cinabwera ndi zinthu ziwiri zosayenda pamodzi. Lamulo latsopano la zoulutsa mau linalamula kuti magawo 75 pa 100 a zoulutsidwa akhale a m'dziko momwemo, ndipo m'kukonzanso kwa nthawi yomweyo nyumba zija zinasinthidwa maina: Radio 2 inakhala Radio Zimbabwe, ndipo Radio 4 inakhala National FM, nchito yace yaikuru ikhale zinenero zija zinali kukhala m'mphepete, Cicewa pamodzi. Koma caka comweco lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira ku Mbare ndi ku Highfield, amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, anapezeka kuti ali alendo m'dziko lobadwiramo, osaloledwa kuponya voti. Cinenero cinalandira mpando pamene eni ace anali kulandidwa citupa. Zinakonzekako m'caka ca 2013, pamene malamulo akuru atsopano a dziko anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe a makolo a maiko oyandikana nao, nachula zinenero 16 zobvomerezeka. Pa mndandanda umenewo Cicewa ciri poyamba, ngakhale kuti cinatsogola cifukwa ca alifabeti cabe.

Nyumba za malonda zosakhala za ZBC, Star FM ndi ZiFM Stereo, zinayamba m'caka ca 2012. Nyumba yotere igawa nthawi poyang'ana amene amalonda afuna kuwafikira, ndipo wamalonda wa mu Harare adziwa kuti mdzukulu wa mchona amva Cishona ndi Cingerezi. Palibe comkakamiza kulipira mphindi za Cicewa. Ku National FM nako bvuto la Kittermaster likali pomwepo, ndipo lakula: tsiku limodzi, zinenero zoposa khumi, ndi ora la 7 koloko limodzi lomwe lija.

Moni umene kale unali kuzungulira ku Lusaka tsopano uyenda pa foni ya m'manja, ndipo nyumba za ku Malawi, monga Zodiak imene inayamba m'caka ca 2005, zimveka pa intaneti ku Dzivarasekwa mopanda kuthetheka kwa ziphaliwali. Ora la kumvera likali ndi mtengo wace, pakuti bandulo nayo ikutha monga linali kuthera batire la masheleni 25. Okalamba amene anakwera Ulere atsala owerengeka, ndipo adzukulu ao ambiri Cicewa acimva ndithu, koma poyankha ayankha m'Cishona.